Kumvera kwa asilikali kumapusitsa akuluakulu awo

Pa mabungwe onse amene anthu anakhazikitsa, gulu la nkhondo ndi limene limaoneka losavuta kulisintha, chifukwa mkulu wa asilikali akalamula Lolemba kuti zinthu ziyambe kuchitika mwa njira ina, pofika Lachisanu aliyense amakhala atayamba kutero, ndipo palibe woitanitsa msonkhano wa ogwira ntchito kapena woopseza sitalaka. Mkulu wa kampani kapena mlembi wamkulu wa unduna akhoza kusirira mphamvu yoteroyo. Ine ndimaiona ngati msampha. Kumvera kwa asilikali kumabisa zinthu ziwiri zimene mtsogoleri ayenera kuzidziwa, zomwe ndi zakuti kodi anthu ake amvetsa chimene akufuna, ndiponso kodi akuchikhulupirira. Msilikali amachita sawatcha n'kunena kuti wamva, wolamula n'kubwerera ku ofesi ali wokhutira kuti uthenga wafika, chikhalirecho chafika ndi lamulo lokha.

Nkhani imene imaonetsa bwino zimenezi ndi ya gulu la nkhondo la pamtunda la dziko la America m'nthawi ya General Eric Shinseki, amene analandira udindo wa mkulu wa gululi mu June 1999. Miyezi iwiri m'mbuyomo, nkhondo ya ku Kosovo ili mkati, gululi linachita manyazi pamaso pa dziko lonse. Linauzidwa kuti litumize ndege 24 za helikopita za mtundu wa Apache ku Albania, koma kuti ndegezo zikagwire ntchito panafunika asilikali pafupifupi 5,000 pamodzi ndi akasinja ndi mizinga yozitetezera, ndipo zonsezi zinatenga milungu ingapo kuti zikafike pa bwalo la ndege la ku Tirana, lomwe mvula inali italisandutsa matope. Ndege ziwiri zinagwa pa nthawi yoyeserera, oyendetsa awiri anafa, ndipo nkhondo inatha ndegezo zisanalowe m'nkhondomo. Gulu lomwe mu 1991 linagonjetsa Iraq pa nkhondo ya pamtunda ya maola 100 okha linapezeka kuti ndi lolemera kwambiri moti silingafike msanga kumene likufunika. Kasinja wake wamkulu, Abrams, amalemera matani oposa 60, pamene ndege yonyamula katundu ya C-130, yomwe imatha kutera pa mabwalo ang'onoang'ono, sinyamula kupitirira matani 20.

Pa 12 October 1999, pa msonkhano wa pachaka wa bungwe la asilikali mu mzinda wa Washington, Shinseki analengeza kusintha kumene ankafuna, ndipo tiyenera kumupatsa ulemu wake chifukwa anakufotokoza ndi manambala. Anati gululi lidzitha kufikitsa brigade, lomwe ndi gulu la asilikali pakati pa 3,000 ndi 4,000, pamalo alionse padziko lapansi m'maola 96, division imodzi, lomwe ndi gulu la ma brigade angapo, m'maola 120, ndipo magulu asanu a division m'masiku 30. Akuluakulu ambiri a asilikali akamanena za kusintha amadzaza zokamba zawo ndi mawu osalala monga luso, changu ndi masomphenya, mawu amene aliyense angawaombere m'manja chifukwa sakakamiza munthu kusiya chilichonse. Maola 96 ndi nkhani ina. Kapitawo aliyense wa zamtengatenga akanatha kutenga pensulo, kuwerengera kulemera kwa katundu wa gulu lake, n'kuona yekha kuti ndi akasinja amene ali nawowo sangakwanitse. Pa mbali imeneyi ntchito inayendadi: ku Fort Lewis, m'chigawo cha Washington, brigade yoyamba inasiya akasinja n'kuyamba kuphunzira kumenya nkhondo ndi galimoto zankhondo za matayala asanu ndi atatu, zomwe mu 2002 zinapatsidwa dzina lakuti Stryker, ndipo kumapeto kwa 2003 gulu limeneli linali ku Iraq. Kwa bungwe lalikulu chotero, zaka zinayi ndi liwiro lodabwitsa.

Vuto linayamba pamene kusinthaku kunagawidwa m'magulu atatu. Panali gulu lakale, lomwe linali akasinja ndi zida zonse zolemera, kenaka gulu lapakati la Stryker, ndipo pamapeto pake gulu la m'tsogolo, limene linkayenera kudzakhala ndi galimoto zopepuka zolumikizana pa makina a kompyuta, zoona mdani zisanaonedwe. Msilikali wa akasinja, amene anali atatha zaka 15 akuphunzira ntchito yake ndipo mwina anamenya nawo nkhondo ya 1991, anangomva kuti iye waikidwa m'gulu lakale, osauzidwa momveka kuti luso lake lidzagwira ntchito yanji m'gulu latsopanolo. Chodabwitsa n'chakuti Shinseki mwiniwakeyo anakulira m'magulu a akasinja, choncho ankadziwa bwino mtima wa anthu amenewa. Nalo gulu la m'tsogololo linkangopezeka pa zithunzi zoonetsedwa m'misonkhano. Akuluakulu athu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo asilikali amene anakayika sanalakwitse: ntchito yopanga zida za gulu la m'tsogololo, yotchedwa Future Combat Systems, inathetsedwa mu 2009 ndi nduna ya zachitetezo Robert Gates itadya kale madola pafupifupi 18 biliyoni.

Shinseki ankadziwa kuti asilikali ambiri adzatha zaka asanakhudze galimoto ya Stryker, ndiye anafuna chinthu chimene aliyense angachigwire ndi manja, chomuuza kuti nayenso ali m'kati mwa kusinthaku. Mu October 2000, pa msonkhano womwe uja, analengeza kuti kuyambira pa 14 June 2001, tsiku lokumbukira kubadwa kwa gululi, msilikali aliyense adzivala bereti yakuda, chipewa chofewa chopanda mlomo, ngati chizindikiro cha umodzi ndi ukatswiri. Cholinga chinali chabwino, koma bereti yakudayo inali ndi eni ake. Kuyambira 1975 inali chovala chovomerezeka cha ma Ranger, asilikali apadera amene munthu amalowa m'gulu lawo atadutsa m'maphunziro ofoola thupi, ndipo ambiri amalephera n'kubwezedwa. Kwa iwo bereti inali malipiro a thukuta. Kuipereka kwa kalaliki wa ku ofesi ya malipiro ndi wophika wa ku khitchini kunali kuwauza kuti thukuta lawolo silinali kanthu, ndipo ngakhale kalalikiyo sanakondwere, chifukwa ankadziwa kuti wavekedwa ulemu wa mwini.

Zimene zinatsatira zikanakhala zoseketsa zikanapanda kuwononga nthawi yochuluka chotero. Ma Ranger ena opuma ntchito anayenda wapansi kuchokera ku Fort Benning, ku Georgia, mpaka ku Washington posonyeza kukwiya kwawo. Mu March 2001 anagwirizana zakuti ma Ranger asinthe n'kumavala bereti yotuwa ngati mchenga. Kenaka zinaululika kuti pofuna kukwanitsa tsiku loikikalo, maoda ena anaperekedwa ku mafakitale akunja, ndipo mabereti oposa 600,000 ankasokedwa ku China. Nkhaniyi inafika poipa mu April 2001, pamene ndege yaukazitape ya America inawombana ndi ndege yankhondo ya China n'kukatera pa chilumba cha Hainan, anthu ake n'kusungidwa kumeneko masiku 11. Aphungu a nyumba ya malamulo anaitanitsa akuluakulu kuti adzafotokoze, ndipo mabereti a ku China aja analetsedwa kuvalidwa. Kwa miyezi yambiri, mkulu amene ankafuna kuti dziko likambirane za maola 96 ankayankha mafunso okhudza chipewa.

Tsiku litakwana asilikali anavala, chifukwa asilikali amavala chimene auzidwa. Koma taonani chinthucho chili m'manja mwa msilikali wamba. Bereti yatsopano imabwera ili yaubweya wanyankhalala, ndiye mwini wake amaimeta ndi lezala, kuinyika m'madzi, kuivala ili yonyowa n'kumaikokera kudzanja lamanja mpaka itauma m'maonekedwe amene sajeni angavomereze. Ilibe mlomo wotchinga dzuwa, imatentha, ndipo siivalika ndi dzanja limodzi, kotero kuti makaniko wotuluka pansi pa galimoto manja ali girisi yekhayekha ankayenera kuyamba waika pansi zonse zimene wanyamula. Anthu anang'ung'udza kwa zaka khumi, akuvalabe. Mu June 2011, Raymond Chandler, yemwe anali sajeni wamkulu wa gulu lonse, atafunsa maganizo a asilikali n'kukauza General Martin Dempsey, mkulu wa gululi pa nthawiyo, kapusi amene asilikali ankavala bereti isanabwere anabwezeretsedwa kukhala chovala cha tsiku ndi tsiku, bereti n'kutsalira yunifolomu ya pa miyambo. Lamulo linatenga miyezi isanu ndi itatu kuti litsike kuchokera pamwamba kufika kwa msilikali womaliza, koma yankho la msilikaliyo linatenga zaka khumi kuti likwere.

Wina anganene kuti nkhani ya chipewa ndi yaing'ono, ndipo n'zoona kuti palibe nkhondo imene inalephereka chifukwa cha bereti. Ndaikhalira chifukwa ikuonetsa poyera zimene zimachitika mobisika pa nkhani zikuluzikulu, monga kamenyedwe ka nkhondo ndi kakwezedwe ka maudindo, kumene munthu angathe kumvera pakamwa koma m'ntchito zake n'kumachitabe zakale mpaka wolamulayo atapuma ntchito. Mkulu wa gulu la nkhondo la America amakhala pa udindo zaka zinayi, pamene sajeni amakhala zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo amadziwa kudikira.

Gulu lomweli linali litasinthapo kale mwa njira ina, ndipo kusiyana kwake n'kophunzitsa. Litabwerako ku nkhondo ya ku Vietnam linali losweka mtima, lodzala ndi mankhwala osokoneza bongo ndi kusamvana kwa mitundu, ndipo mu 1973 boma linasiya kulemba anthu usilikali mokakamiza. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa likulu loona za maphunziro ndi kamenyedwe ka nkhondo, lotchedwa TRADOC, pansi pa General William DePuy. Ataona mmene akasinja ambirimbiri anaphwasukira m'masiku ochepa pa nkhondo ya Israel ndi maiko a Aarabu mu October 1973, DePuy ndi kagulu kochepa ka anthu ake analemba buku latsopano la malangizo a nkhondo, FM 100-5, lomwe linatuluka mu 1976. Maofesala ambiri analikana. Analemba m'magazini a usilikali kuti likungophunzitsa kudziteteza, kuti likuwerengera mizinga n'kuiwala mtima wa munthu, ndiponso kuti likungoganiza za nkhondo ya tsiku loyamba. Chimene chinapulumutsa ntchitoyi n'chakuti otsutsawo sanatsekedwe pakamwa. General Donn Starry, amene analowa m'malo mwa DePuy mu 1977 atayesa yekha malangizowo ali wolamulira asilikali ku Germany, anayendayenda m'masukulu a asilikali ndi m'magulu osiyanasiyana akufotokoza maganizo ake, kumva zotsutsa, n'kukawakonzanso. Buku la 1982, lomwe linabweretsa njira yotchedwa AirLand Battle, linalandiridwa chifukwa ambiri mwa oliwerenga anali atakangana nalo kale lisanasindikizidwe.

Komanso kusinthako sikunathere m'buku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunatsegulidwa malo ophunzirira nkhondo ku Fort Irwin, m'chipululu cha Mojave ku California, kumene magulu ankapita kukamenyana ndi gulu lina lophunzitsidwa kumenya ngati asilikali a Soviet Union, pogwiritsa ntchito mfuti za kuwala zosonyeza amene walasidwa. Alendowo nthawi zambiri ankagonja. Nkhondo yoyesererayo ikatha onse ankakhala pansi pamodzi kuunguza chimene chalakwika, ndipo wa udindo wapansi ankaloledwa kunena pamaso pa mkulu wake kuti lamulo linafika mochedwa kapena silinamveke. Apa mpamene malangizo atsopano analowa m'magazi, chifukwa munthu amene wagonja katatu potsatira njira yakale safunanso womunyengerera. Starry analemba mu 1983, m'magazini ya Military Review, kuti kusintha gulu la nkhondo kumafuna wolankhulira kusinthako, kumvana kwa anthu ambiri, atsogoleri okhalitsa pa ntchitoyo ndiponso kuyesa maganizo atsopanowo poyera, ndipo bereti ya 2000 inalumpha pafupifupi zonsezi.

Pali mfundo yotsutsa imene sindingaipeputse. Gulu la nkhondo si nyumba ya malamulo, ndipo pali kusintha kwina kumene kukanadikira kuti asilikali avomere sikukanachitika. Pa 26 July 1948 Pulezidenti Harry Truman anasaina lamulo lothetsa tsankho la khungu m'magulu a nkhondo a America, akuluakulu ambiri a asilikali asakufuna, ndipo anachita bwino kusawafunsa. Koma tikaiyang'anitsitsa, nkhani imeneyinso ikuchitira umboni zomwe ndikunenazi. Gulu la pamtunda linazengereza, nduna yake Kenneth Royall inachoka pa udindo mu 1949 isanakwaniritse lamulolo, ndipo chimene chinagwetsa mpandawo ndi nkhondo ya ku Korea, kumene olamulira, posowa anthu olowa m'malo mwa ophedwa ndi ovulala, anayamba kuika asilikali akuda m'magulu a azungu n'kuona kuti nkhondo ikumenyeka bwinobwino. Gulu lomaliza la akuda okhaokha linathetsedwa mu 1954, patapita zaka zisanu ndi chimodzi. Mtsogoleri ali ndi ufulu wolamula zimene anthu ake sakuzifuna, ndipo nthawi zina ndi udindo wake kutero, koma asadzinamize kuti siginecha yake yamaliza ntchito. Ayenera kunena poyera chimene chikutayika ndi amene akuchitaya, chifukwa asilikali amapirira kulandidwa chinthu kusiyana ndi kuuzidwa kuti sanalandidwe kanthu.

Kuno kum'mwera kwa Africa tili ndi chitsanzo cholemera kuposa chipewa. Pa 27 April 1994 dziko la South Africa linakhazikitsa gulu latsopano la nkhondo, SANDF, pophatikiza magulu asanu ndi awiri: gulu la boma la tsankho, Umkhonto we Sizwe wa chipani cha ANC, APLA ya chipani cha PAC, ndi magulu a Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei, madera amene boma la tsankho linapatulira anthu akuda. Pa mapepala ndi pa misonkhano, atsogoleri anafotokoza kuti magulu onsewa atha ndipo pabadwa gulu limodzi la anthu ofanana. Nduna ya zachitetezo inali Joe Modise, yemwe kale ankalamulira Umkhonto we Sizwe, koma mkulu wa asilikali anakhalabe General Georg Meiring wa gulu lakale mpaka 1998, pamene Siphiwe Nyanda analowa m'malo mwake. Mabaraki, mabuku a malangizo, aphunzitsi ndi kayendetsedwe ka maofesi zinali za gulu lakale lija. Omenyera ufulu ndi amene ankasonkhanitsidwa m'misasa, kuunikidwa, kupatsidwa maudindo pamaso pa alangizi ochokera ku Britain amene anaitanidwa kudzakhala oweruza, kenaka n'kutumizidwa ku maphunziro owonjezera, pamene anzawo a gulu lakale anangopitiriza ntchito pa madesiki awo. Munthu sangauzidwe kuti ndi wofanana ndi mnzake kwinaku iye yekha ndi amene akulembetsedwa mayeso.

Mu October 1994 asilikali zikwi zingapo a Umkhonto we Sizwe anachoka pa msasa wa Wallmansthal, kumpoto kwa Pretoria, popanda chilolezo, podandaula za kuchedwa kwa ndondomeko, maudindo, malipiro ndi malo okhala. Nelson Mandela anapita yekha kukalankhula nawo, ndipo zimene anachita ndi zimene ndikuona kuti mtsogoleri aliyense wa asilikali ayenera kuziphunzira: anavomera kuti ena mwa madandaulo awo anali oona, komabe anawauza mosapsatira kuti gulu la nkhondo silingayende popanda mwambo ndipo osabwerera adzachotsedwa. Sanawanyengerere ndi mawu okoma, ndipo sananamizire kuti zonse zili bwino. Koma Mandela anali mmodzi, sakanafika pa baraki iliyonse, ndipo m'munsimu uthenga umene unkamveka tsiku ndi tsiku unali wa sajeni, wa kalaliki wa malipiro ndi wa ofesala wosaina tchuthi. Mu September 1999 pa baraki ya Tempe ku Bloemfontein, lefutenanti wina amene kale anali wa APLA anawombera ndi kupha anzake angapo achizungu, ndipo komiti imene boma linakhazikitsa pambuyo pake inapeza kuti tsankho linali lidakali lozika mizu m'gululi, patatha zaka zisanu chilengezere kuti gululi ndi limodzi.

Chimene South Africa inachita mosiyana ndi maiko ambiri n'chakuti mu 1999 khoti loona za malamulo a dziko linagamula kuti asilikali ali ndi ufulu wolowa m'mabungwe a ogwira ntchito, ngakhale kuti sangachite sitalaka. Akuluakulu ambiri a asilikali, kuno ndi kwina komwe, amaona chigamulo chimenechi ngati chiphe cha mwambo wa usilikali, ndipo ine sindikunena kuti dziko lililonse litengere. Koma funso limene chigamulocho chinkayankha silithawika: ngati msilikali sangauze mkulu wake kuti kusintha kumene kunalengezedwa sikunafike pa baraki yake, adzakauza ndani? Mu August 2009 asilikali oposa 1,000 anaguba kupita ku Union Buildings, likulu la boma ku Pretoria, podandaula za malipiro ndi kakhalidwe kawo, apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo za labala, ndipo nduna ya zachitetezo Lindiwe Sisulu inayamba ndondomeko yowachotsa ntchito. Boma lomwelo linakhazikitsa komiti yofufuza za umoyo wa asilikali, ndipo chaka chisanathe linakweza malipiro, makamaka a maudindo apansi, zomwe zikusonyeza kuti madandaulowo anali oona kuyambira kale ndipo njira za m'kati mwa gululi zinalephera kuwafikitsa kwa oyenera kuwamva.